Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Miyezi inayi ndikungodyedwa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinali nditayamba kuzolowera ntchito ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba ku Leicester. Zomwe ndinkachita masiku opuma sindinanene. Lero ndiulula, ngakhale ndikudziwa kuti ena a kumpingo akawerenga apukusa mitu.

Munthu wogwira usiku tulo take timasokonekera. Ukagwira mausiku anayi otsatizana, kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa, tsiku lopuma likakwana thupi silimva. 2 koloko usiku maso ali gwa, panja chisanu, kwathu ku Balaka onse ali mtulo, woimbira foni palibe. M'maola amenewo ndi momwe ndinayambira kusewera poker pa intaneti. Anandiphunzitsa ndi bambo wina wa ku Philippines amene tinkagwira naye limodzi, munthu wofatsa, wosapupuluma ngakhale agogo atatu ataliza belu nthawi imodzi.

Mtundu umene ndinkasewera ndi Texas Hold'em. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ndipo pakati pa tebulo pamabwera asanu oonekera kwa onse: atatu nthawi imodzi, otchedwa flop, kenako limodzi la turn, lomaliza la river. Matebulo anga anali a 5p/10p (ndalama zoyambira zimene osewera awiri amaponya makhadi asanagawidwe), a anthu asanu ndi mmodzi, kumene umakhala pansi ndi £10. Ndalama ya nkhomaliro imodzi basi. Aliyense wosewera poker amadziwa nkhani ya Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene mu 2003 anapeza mpando wa mpikisano waukulu wa ku Las Vegas kudzera pa intaneti, n'kukatenga $2.5 miliyoni. Ine ndinkati sindilota zimenezo. Ndinkanama pang'ono.

Mnzanga uja anandipatsa lamulo limodzi: ndalama ya poker ikhale payokha, isasakanikirane ndi ya lendi kapena yotumiza kumudzi, ndipo ikhale yokwana kukhala pa tebulo maulendo 30. Ndinayamba ndi £100 pa matebulo ang'onoang'ono. Pofika Okutobala 2023 inali itakwera kufika £310. Ndinkayenda modzimva. Ndinkaona ngati ndatulukira chinsinsi chimene azungu pa matebulopo sanachione.

Zinayamba kutembenuka mu Novembala. Ndinalandira ma ace awiri, makhadi aakulu koposa onse, amene amakubwerera kamodzi pa manja 221 (dzanja ndi ulendo umodzi wogawa makhadi). Wina anali ndi makingi awiri, tonse tinaponya zonse flop isanatuluke. Pamenepo mwini ma ace amadya pafupifupi maulendo 82 pa 100. Flop bwinobwino, turn bwinobwino, pa river kingi uyo! Ndinaseka. Mwa maulendo asanu, kamodzi zimayenera kutero. Koma sabata yomweyo ma ace anga anagwa katatu. Ndikakhala ndi makhadi atatu ofanana, mnzanga ali ndi atatu okulirapo. Ndikadikira khadi limodzi kuti ndikwanitse asanu amtundu umodzi, silibwera. Wina akadikira lake, limafika ngati amuitanira. Disembala yense anatha choncho. Khirisimasi ndinagwira ntchito, ndipo Chaka Chatsopano chinandipeza ndili pa £215.

Apa ndiye mutu unayamba kulankhula zinthu. Poyamba ndinati makina awa ngokonzedwa, akufuna kundilanda zomwe ndinawina. Kenako ndinati ndi minyama. Ine amene ndimaseka anzanga okhulupirira zoterezi, ndinkasintha mpando pa tebulo, kusintha tebulo lenilenilo, tsiku lina ndinavula juzi imene ndinaganiza kuti ikundibweretsera tsoka. Ndinafika pokumbukira nkhope za anthu akumudzi amene sanasangalale nditapeza visa. Taonani pamene £10 ingamufikitse munthu wamkulu wa ana awiri.

Ine ndinakulira pa bawo. Malume anga ankasewera pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi golosale, ndipo ine ndinkakhala pambali kuwerenga nkhomo mumtima. Bawo ali ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, zonse zili poyera. Palibe chobisika, palibe chogwa kuchokera kumwamba. Ukadyedwa wadyedwa chifukwa mnzako wawerenga patali kuposa iwe, ndipo malume ankangoti, “Mphwanga, unatakatira kolakwika, bwerera ukaganize.” Mutu wanga unaumbidwa choncho: kuluza ndiye kuti walakwitsa, kuwina ndiye kuti wakhoza. Poker sakhala choncho. Ukhoza kusewera bwino kwambiri n'kudyedwa, ukhoza kusewera zopusa n'kudya. Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali ndalama ayi, koma kusowa pogwira. Ndibwerere ndikaganize chiyani, poti ndinaponya ndalama ndili patsogolo?

Ndiye poti panalibe choti ndikonze, ndinayamba kuwononga zomwe zinali bwino.

Osewera poker amati tilt. Kwathu tingati kusewera ndi mtima wopsa. Umadziwa ndithu chochita, koma dzanja limachita zina. Ndipereke chitsanzo chimodzi chimene ndimachikumbukira bwino. Ndinali ndi makhadi anayi a mitima, ndikudikira lachisanu, kwatsala river yokha. Makhadi ondipulumutsa analipo 9 mwa 46 osaoneka, kutanthauza kuti ndidya kamodzi pa maulendo asanu. Mnzangayo anaponya ndalama yofanana ndi yonse yomwe inali pakati. Kuti kuvomera kukhale kwanzeru pamenepo, umafunika kumadya kamodzi pa maulendo atatu. Masamuwo ndinawachita, yankho ndinaliona, n'kuvomerabe. Mumtima ndinkati nthawi yanga yakwana, makhadi ali nane ngongole. Makhadi sasunga ngongole ya munthu.

Usiku woipitsitsa unali wa mu Januwale. Nditadyedwa £20, ndinati zazing'onozi zikundichedwetsa. Ndinakwera tebulo la 25p/50p, kumene umakhala ndi £50, kuti ndibweze zonse kamodzi. Mphindi makumi awiri sizinakwane. Ndinatseka laputopu, ndinakhala pa bedi kumvetsera mapaipi a hita akulira, mpaka kunja kunayera. M'mawa mwake ndinakalipira mnyamata wina wokhala naye nyumba chifukwa cha kapu yosatsuka.

Kumapeto kwa Febuluwale mayi a kunyumba anaimba foni. Mvula inali itadula chimanga chikumasula, dzuwa la El Niño lija, limene linachititsa kuti mu Malichi Pulezidenti Chakwera alengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Anandionetsa munda pa vidiyo. Masamba atapotana, ena atayera ngati mapepala. Feteleza tinathira, kupalira tinapalira pa nthawi yake, mbewu tinagula yabwino.

“Abambo, chaka chino tigula chimanga. Muyambiretu kukonzekera.”

Ya chimanga ndinatumiza kuchokera pa malipiro, siinakhudzane ndi poker. Lamulo lija losasakaniza ndalama lokha ndinalisunga, ndipo ndimathokoza. Koma nditadula foni ndinatenga cholembera. Ndalama ya poker inali itatsika kuchoka pa £310 kufika pa £90. Kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala, paundi imodzi ikusinthidwa kupitirira K2,000 ku banki. £220 imene kuno ndinkaitcha yaing'ono inali yoposa K440,000. Ndinayang'ana nambalayo nthawi yaitali.

Lamlungu lotsatira ndinawauza. Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yadula.

“Ndiye kumeneko mwayamba njuga?”

“Si njuga kwenikweni, mayi. Ndi masewero ofuna nzeru.”

“Nanga nzeruzo zinapita kuti?”

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti ngati ndalamayo inalidi yapambali, iwo alibe mawu, koma akufuna azidziwa mwezi uliwonse kuti yatsala zingati. Ndinavomera.

Funso lawolo ndinapita nalo kwa mnzanga wa ku Philippines. Kampani ya poker imasunga mbiri ya dzanja lililonse limene wasewera, ndipo iye anali ndi pulogalamu yowerengera zonsezo. Tinakhala kukhitchini kwake masana ena, mkazi wake atatiphikira mpunga ndi nkhuku. Manja a miyezi inayi ija analipo pafupifupi 38,000. Pulogalamuyo imajambula mizere iwiri: umodzi wa ndalama zomwe unapezadi, wina wa zomwe ukanapeza makhadi akanagwa mwachilungamo nthawi zonse zomwe unaponya zonse. Mizereyo inatalikirana ndi £80. Ndiye tsoka linalipodi, sindinkalota. Ndinamva kupepukidwa, ndinatsala pang'ono kuimirira.

Iye anati ndikhale pansi kaye. £50 inapita usiku umodzi uja wa Januwale. Yotsalayo, pafupifupi £90, anaisanja potengera nthawi. Pafupifupi yonse inatayika itadutsa 3 koloko usiku, ndipo nthawi zambiri nditadyedwa kale kawiri usiku womwewo. Maola oyambirira ndinkasewera manja ochepa, osankhidwa. Maola omaliza ndinkalowa paliponse ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Anandionetsanso rake, kachigawo kamene kampani imadula pa ndalama ya pakati, pafupifupi 5p pa paundi iliyonse. Kakang'ono, koma pa manja 38,000 kanali katadya ndalama yoposa imene ndinaluza. Pa matebulo ang'onoang'ono sulimbana ndi anzako okha.

Kenako ananena chinthu chimene sindinkafuna kumva. Anati manja 38,000 ngochepa poyeza luso la munthu; wosewera bwino akhoza kutha manja ochuluka chonchi osapindula kanthu. Ndinati eya, ndi zomwe ndikunenazo. Iye anati, nanga manja amene unawina nawo £210 chaka chatha anali angati? Analinso ochepa chimodzimodzi. Ngati miyezi yoipayi sikutsimikiza kuti ndine mbuli, miyezi yabwino ija sinatsimikizenso kuti ndine katswiri. Mpunga uja unandiuma kukhosi.

Zomwe ndinachita pambuyo pake si zambiri. Makampani a njuga ovomerezeka kuno amakakamizidwa kukhala ndi batani lopumira, ndiye ndinadzitsekera milungu iwiri. Ndinaika malire a ndalama yolowetsa, £20 pa mwezi. Ukafuna kukweza malirewo umadikira maola 24, nthawi yokwana kuti mtima uzizire. Ndinatsegulanso tsamba la GamStop, kumene munthu amadzitsekera makampani onse nthawi imodzi kwa miyezi 6, chaka, kapena zaka 5. Ndinaliwerenga lonse koma sindinalembetse. Ndinauza mayi a kunyumba kuti tsiku limene ndidzakhudze ndalama ya lendi kapena ya ana, ndidzalembetsa iwo akuona pa vidiyo. Mwayi wina ngwakuti kuno kutchova njuga ndi khadi ya ngongole kunaletsedwa mu Epulo 2020. Usiku uja wa Januwale, khomo limenelo likanakhala lotsegula, sindidzidalira.

Nditabwerera ndinatsika mpaka tebulo la 1p/2p, lokhala ndi £2. Manyazi ake! Ndikadyedwa kawiri ndimatseka. 1 koloko ikakwana ndimatseka, ndikudya kapena ndikudyedwa. Ndinagula kope, ndipo ndikamaliza kusewera ndimalemba manja amene ndinalakwitsa, osayang'ana ngati anandipatsa ndalama kapena ayi. Masiku ena ndimawina koma tsamba limadzaza. Masiku ena ndimaluza, tsamba lili mbee.

Vuto la tulo silinathe, ndiye maola a usiku aja anafunika china. Ndinatola matireyi a mazira kukhitchini ya kuntchito, n'kuwadula ndi kuwamata mpaka anakwana mizere inayi ya maenje 8. Nkhomo zinali nyemba. Ndinati ndimuphunzitse bawo mnzanga uja, kuti nanenso ndimudye pa masewero akwathu. Osadziwa kuti kwawo ali ndi ofanana nawo, otchedwa sungka, amene anasewera kuyambira ali mwana. Sabata yachitatu anayamba kundidya, ndipo apa panalibe river yoti ndiinamizire.

Kuluza kuja sikunathe tsiku limodzi. Mu Epulo ndinalandiranso ma ace, wina anali ndi makwini, kwini wachitatu anatulukira pa flop pomwepo. £2 inapita. Ndinatsegula kope, ndinaona kuti palibe cholemba, ndinakaika ketulo pamoto. Kumapeto kwa mweziwo mayi a kunyumba anafunsa kuti kope likuti chiyani. Ndinati £96.

“Mwezi wonse mwapindula £6?”

“Eya, mayi.”

“Bola mukanaweta nkhuku.”

M'gawo lotsatira ndidzasimba za ulendo wanga woyamba wobwerera kumudzi, ndi zomwe malume ananena ataona chithunzi cha bawo wa matireyi a mazira.