Zikomo nonse amene munatiperekeza pa maliro a bambo athu

M'malo mwa amayi, azichimwene ndi azichemwali anga, ndikuthokoza nonse amene munaima nafe pamene bambo athu anatisiya. Masiku a maliro aja mitu inali yozunguzika, ndipo ambiri munabwerera osamva zikomo wathu.

Tiyambe ndi inu a mpingo wa Lutheran. Abusa, munkabwera kuchipatala kudzawapatsa Mgonero Woyera pamene mawu anali atayamba kuwavuta. Amayi a mumpingo, munagona pa siwa mukuimba mpaka mbandakucha, m'mawa n'kugwiranso mthiko. Bambo ankakonda kutikumbutsa kuti mpingowu unafika ku Blantyre mu 1963 uli ndi anthu ochepa, ndipo akanakondwa kuona mmene munadzazira bwalo. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa ana Katekisimu Wamng'ono wa Luther Loweruka masana. Ena mwa ana amenewo, lero abambo a ndevu zawo, ndi amene ananyamula bokosi.

Koma amene mwatisiyira chinthu chosaiwalika ndi inu anzawo a usilikali. Bambo analowa ntchito ali mnyamata, anakhala ku Cobbe Barracks ku Zomba, kenako ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kumene enafe tinabadwira. Asilikali a Malawi atatumizidwa ku Mozambique mu 1987 kukateteza njanji ya ku Nacala, nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO ili mkati, iwo anali m'gululo. Za kumeneko sankakamba kunyumba. Tikafunsa ankangoti, "Mulungu anatisunga," nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinu amene munatifotokozera usiku uja pamoto: mmene munkaperekezera sitima mitima ili m'mwamba poopa mabomba okwirira, mmene ankagawira chakudya chawo kwa ana othawa nkhondo, mmene ankakusonkhanitsirani kupemphera musananyamuke, osafunsa kuti uyu ndi wa mpingo uti kapena ndi Msilamu. Munatiuzanso za Disembala 1993, nthawi ya Operation Bwezani, pamene asilikali ankalanda zida a Payoniya, kuti bambo ankaletsa anyamata awo kugwira katundu wa anthu. Ena mwa inu munayenda ndi ndodo kuchokera kutali, ndalama ya basi mutachita kupatula pa penshoni yochepa ija. Kunena zoona, anthu ngati inu dziko lino likuyenera kukusamalani koposa mmene likuchitiramu.

Kwa ife anali bambo basi. Nsapato zathu za kusukulu ankaziyendera m'mawa uliwonse, ndipo wosapolisha sankatuluka pakhomo. Koma ndi omwewo amene analera ana a mlongo wawo atamwalira, osasiyanitsa mbale, ndi omwewo amene ankabereka zidzukulu kumbuyo poyera osachita manyazi.

Tikuthokozanso a mfumu potipatsa malo, adzukulu amene anakumba manda nthaka ili gwa, anamwino amene anawasamalira mwaulemu, aneba amene anabwera ndi nkhuni ndi ufa, ndi abale a ku Joni ndi ku UK amene anatumiza chipepeso. Mulungu abwezere pamene munachotsa.

Amayi akadali kumudzi ndipo akupezako pang'onopang'ono. Amene mungathe, kawaoneni ndithu, makamaka inu amene munkawadziwa bambo kale, chifukwa nkhani zawo ndi zimene amayi akufuna kumva. Za tsiku lomanga chiliza tidzakudziwitsani banja likakhala pansi.