Zinyalala za m'chipatala: nkhani imathera pa dzanja loponya

Mwa magawo onse a maphunziro a zaumoyo omwe tadutsamo teremu ino, la zinyalala za m'chipatala ndi lomwe ambiri m'kalasi analiona lopepuka. Amati n'kungoloweza mitundu ya mabini basi: yakuda ya zinyalala wamba, yachikasu ya zopatsira matenda, yabulauni ya mankhwala. Ine ndikuona kuti mutuwu ndi wolemera, ndipo kulemera kwake kwagona pa kamphindi komwe munthu watha nacho ntchito chinthu n'kusankha koponya.

Bungwe la World Health Organization limati pa zinyalala zonse zotuluka m'zipatala, 85 peresenti ndi zinyalala wamba monga mapepala ndi zokutira katundu. Zoopsa ndi 15 peresenti yotsalayo: za magazi ndi mafinya, zobaya ndi zocheka, mankhwala otha mphamvu, ziwalo zodulidwa, ndi zotulutsa radiation (cheza choopsa). Koma thonje limodzi lamagazi likagwera m'bini yakuda, thumba lonselo lasanduka loopsa. Palibe wololedwa kupisamo dzanja kuti alekanitsenso. Ndiye 15 uja amangokwera, chipatala n'kumawononga mafuta ndi ndalama powotcha mapepala omwe akanangotayidwa.

Singano ndi yomwe yandikhalitsa pansi. Munthu akabayidwa ndi singano yomwe yachoka m'thupi la wodwala amene ali ndi kachilomboko, chiopsezo chotenga HIV chili pafupifupi 0.3 peresenti, cha hepatitis C 1.8 peresenti, pomwe cha hepatitis B chimatha kufika 30 peresenti (hepatitis B ndi C ndi matenda a chiwindi). Tonse mantha athu ali pa HIV, chonsecho kachilombo ka hepatitis B kamakhalabe ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Katemera wake alipo. Chifukwa cha ziopsezozi, lamulo limati singano isavindikiridwenso ukatha kubaya, ipite m'bokosi losabooka pompopompo, ndipo bokosilo likhale pafupi ndi pomwe ukubayira, osati kumapeto kwa wodi. Likatsala pang'ono kudzaza, pa magawo atatu mwa anayi, litsekedwe. Kukanikiza ndi dzanja kuti mulowe zina ndiko kudziitanira ngozi.

Funso lomwe mabuku amalidutsa mofulumira ndi lakuti wobayidwa amakhala ndani. Namwino amene waponya singano m'thumba lolakwika amaweruka n'kupita kwawo. Thumbalo amadzalinyamula ndi mayi kapena bambo woyeretsa, likumugunda pamwendo, iye osadziwa n'komwe kuti singanoyo inachokera pa bedi liti. Mankhwala a PEP, oteteza wobayidwa kuti asatenge HIV, amafunika kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka m'maola oyambirira, n'kumwedwa masiku 28. Woyeretsa amene sanauzidwepo zimenezi amangotsuka bala n'kupitiriza kukolopa. Kwa ine, chipatala chomwe chimaphunzitsa madokotala ndi anamwino okha, n'kusiya oyeretsa ndi owotcha zinyalala, sichinaphunzitse onse ofunika. Katemera wa hepatitis B, magolovesi olimba ndi nsapato zotseka ziyenera kuyambira kwa iwowo.

Kuwotcha nakonso kuli ndi pake. Ng'anjo yoyenera imafunika kutentha madigiri 850 kapena kuposerapo. Moto ukachepa, mapulasitiki a PVC, monga machubu ndi matumba ena a dilipi, amatulutsa poizoni wa dioxin ndi furan, yemwe amakhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a m'thupi ndipo amayambitsa khansa. Pangano la Stockholm la 2001 linaika poizoni ameneyu pa mndandanda wa zoyenera kuchepetsedwa. Choyezera kutentha kwa thupi chokhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, chikasweka sichipita kumoto konse, chifukwa mercury amasanduka mpweya womwe anthu apume. Pangano la Minamata la 2013 linabwera kudzathetsa zida zoterezi. Pomwe kuli kotheka, makina a autoclave, omwe amapha tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 121, amachita bwino popanda utsi. Vuto lake amadalira madzi ndi magetsi odalirika.

Udindo wa chipatala suthera pachipata. Mu 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu awiri ofuna zitsulo zogulitsa analowa m'nyumba yomwe kale inali chipatala cha khansa n'kutenga mbali ya makina osiyidwa. M'kati mwake munali caesium-137, ufa wotulutsa radiation womwe mumdima umawala mobiriwira ngati thambo. Anthu anagawana ufawo n'kumaonetsa achibale. Anayi anamwalira, pafupifupi 250 anapezeka kuti wawakhudza, anthu oposa 100,000 anayezedwa, ndipo nyumba zingapo anazigwetsa. Makinawo anali atasiyidwa pomwe chipatalacho chinasamukira kumalo ena, ndipo pa tsiku lomwe anatengedwa panalibe mlonda.