Siling'i ya galimoto yogonamo isasankhidwe ndi maso okha

Anthu ambiri amene akusandutsa vani kukhala galimoto yogonamo amasankha siling'i poyang'ana kukongola kwake, koma kwa ine choyamba kuchiganizira ndi madzi amene adzabisale kuseri kwake. Anthu akagona usiku wonse, kapena akaphika pa gasi mazenera ali otseka, nthunzi imakwera n'kukafika pa chitsulo chozizira cha denga, pomwe imasanduka madontho. Madonthowo amabweretsa chuku ndi dzimbiri, ndipo mwini galimoto amadzazindikira zinthu zitaonongeka kale. N'chifukwa chake chitsulocho chiyenera kuyamba chakutidwa ndi zotchinga kutentha ndi kuzizira, monga mabolodi a PIR (mabolodi opepuka a thovu lolimba) kapena ubweya wa nkhosa, popanda kusiya mipata, ndiponso padenga pakhale potulukira mpweya.

Matabwa olowana a paini ndi okongola ndithu, koma ndi olemera, ndipo katundu wolemera akakhala pamwamba galimoto imapendama kwambiri pokhota. Amene wawakonda awapake vanishi mbali zonse ziwiri, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limapindika likamwa chinyezi. Ine ndimakonda plywood wa mamilimita 3 kapena 4 wokutidwa ndi kapeti yotamuka mbali zonse, popeza ndi wopepuka, amatsatira mmene denga linapindikira, ndipo kapetiyo imachepetsako phokoso pamsewu.

Pa guluu ndiye pasakhale kuumira. Denga la galimoto yoima padzuwa limatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo guluu wamba amafewa, kapeti n'kuyamba kulendewera pamutu. Wofunika ndi wopopera wopirira kutentha, amene amathiridwa pa thabwa ndi pa kapeti pomwe, n'kudikira pang'ono musanaziphatikize. Kumata kuyambire pakati kupita m'mbali kuti pasatsale makwinya, ndipo zitseko zikhale zotsegula chifukwa mpweya wa guluuyu ndi woipa ndiponso sukhalira kuyaka.

Mawaya onse a magetsi ayalidwe siling'i isanakwere, ndipo ndi bwino kuwajambula pa foni kuti mtsogolo mudzadziwe pamene adutsa. Maonekedwe a denga ayambe adulidwa pa katoni, kenaka nkuwakopera pa plywood. Pomanga, timatabwa topyapyala timangiriridwe pa nthiti za chitsulo zimene zapingasa denga, ndipo siling'i igwire pa timatabwato. Utali wa screw iliyonse uyezedwe musanaipote, pakuti yotalika pang'ono chabe imaboola chitsulo chakunja, mvula n'kupeza polowera.