Momwe ndinadzutsira Nova yanga itagona zaka zisanu ndi chimodzi

Nyumba imene ndikumanga kwathu ku Dedza itafika pofunika denga, ndalama za malata ndi matabwa zinasowa, ndipo nditawadandaulira mayi a kunyumba, iwo anangoloza ku galaja ndi mlomo osanena kanthu. M'galajamo munali Chevrolet Nova SS ya 1970, imene inali itatha zaka zisanu ndi chimodzi osalira. Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, galimoto yakale yosalira imagulidwa pa mtengo wolira nawo, chifukwa wogula amaiganizira zoipa zokhazokha injini imene sanaimve ndi makutu ake. Choncho ndisanaigulitse ndinayenera kuidzutsa, ndipo ntchitoyo inanditengera masabata asanu ndi awiri.

Galimoto zotere anthu a kuno amazitcha muscle car. Ndi galimoto za zitseko ziwiri, zokoka ndi matayala akumbuyo, zimene makampani a ku America ankaziika injini yaikulu ya masilinda 8 m'thupi losakula kwenikweni. Ambiri amati chiyambi chake ndi Pontiac GTO ya 1964, ndipo zinafika pachimake cha m'chaka cha 1970, zisanafooketsedwe ndi kukwera kwa inshuwalansi, malamulo oletsa utsi ndiponso kusowa kwa mafuta kwa mu 1973. Yangayi ili ndi injini imene amangoitchula kuti 350, ya malita 5.7, ndipo pochoka ku fakitale inkawerengeredwa mahosipawa 300. Ndinaigula mu 2011 kwa bambo wina wokalamba amene maondo anali atamuletsa kuyendetsa, ndi ndalama zimene ndinasonkhanitsa pogwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Amalawi anzanga anandiseka kuti ndagula chimbalangondo chomwa petulo pamene ndalama yomweyo ikanandipatsa Corolla yabwino, ndipo kunena zoona sankanama. Mu November 2017 ndinaiika m'galaja monga ndinkachitira chaka chilichonse, poithawitsa ku mchere umene amathira m'misewu nyengo ya chisanu, womwe umadya zitsulo za pansi pa galimoto. Chisanu chitatha kunabadwa mwana wachiwiri, ine ndinayamba ntchito yachiwiri, ndipo nsalu imene ndinaifunditsa sinachotsedwenso.

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kupereka makiyi kwa mayi a kunyumba ndi kuwapempha kuti asandibwezere mpaka nditawaonetsa oilo akuyenda. Ndinkadzidziwa ndekha. Munthu ukafundukula galimoto imene unaikonda, dzanja limathamangira pa kiyi, chonsecho injini yogona nthawi yaitali imakhala itauma kumtunda konse, oilo atatsikira pansi, ndipo kuiliza motero n'kukhuza chitsulo pa chitsulo. Nditatsegula boneti ndinapeza kuti mbewa zinamanga chisa m'chibekete cha fyuluta ya mpweya ndipo zinatafuna mawaya awiri. M'kabokosi ka kutsogolo ndinapezamo kabuku ka bambo anandigulitsa aja, mmene ankalemba tsiku lililonse losintha oilo ndi mtunda umene galimoto inali itayenda. Pansi pa zolemba zawo panali zanga, zolekezera mu 2017. Ndinakhala pa mpando woyendetsera n'kuwerenga kabukuko mpaka kunada, ndipo tsiku limenelo sindinagwire sipanala.

M'mawa mwake ndinamata kapepala ka nambala pa waya uliwonse wa pulagi ndisanauzule. Pa injini imeneyi masilinda 1, 3, 5 ndi 7 ali mbali ya dalaivala, yomwe kuno ndi kumanzere, pamene 2, 4, 6 ndi 8 ali mbali inayo. Nditachotsa mapulagi onse ndinathira oilo wopepuka pang'ono m'bowo lililonse, n'kusiya masiku atatu kuti alowerere m'malingi a mapisitoni amene mwina anali atamatirira ndi dzimbiri. Tsiku lachinayi ndinaika soketi ya 5/8 pa bawuti ya kutsogolo kwa crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza, ndi kukoka pang'onopang'ono motsata mmene muvi wa wotchi umayendera. Apa mphamvu sizithandiza, chifukwa ukakakamiza ukhoza kuthyola lingi kapena bawutiyo. Poyamba sinasunthe. Ndinabwezera mmbuyo pang'ono, ndinakokanso, ndipo ndinamva ikulola ngati chitseko cha nkhokwe chimene chatenga nthawi chisanatsegulidwe. Ndinaizungulitsa kawiri mpaka ndinatsimikiza kuti palibe pamene ikugwira.

Za mafuta ndiye zinandidyera ndalama. Petulo wambiri wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wokwana magawo 10 pa 100, ndipo ethanol amakoka chinyezi n'kuumitsa labala wakale. Ine ndinali nditasiya thanki ili theka, kumene ndi kulakwitsa kwakukulu, popeza mbali yopanda mafuta ndi imene imachita dzimbiri. Nditaitsitsa, m'katimo munatuluka zinthu zofiirira zonunkha ngati vanishi, ndipo sindinataye nthawi n'kuitsuka, ndinangogula ina pamodzi ndi mapaipi a labala ndi pampu ya petulo. Kabuleta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, ndinaimasula ndekha. Ndi Rochester Quadrajet, yokhala ndi mabowo awiri aang'ono oyendera masiku onse ndi awiri aakulu amene amatseguka ukaponda kwambiri, ndipo kulira kwa mabowo aakuluwo akatseguka ndi kumene kunandipangitsa kugula galimotoyi. Ndinajambula chithunzi pa foni ndisanachotse kachitsulo kalikonse, ndinaviika zitsulozo m'mankhwala otsukira, ndipo ndinasintha magasiketi ndi kapampu kamene kamalavulira petulo ukangoponda. Kanthu kena kobulungira, kochepa ngati njere ya mapira, kanandipulumuka n'kugwera pansi, ndipo ndinakakwawira madzulo awiri ndisanakapeze m'mng'alu wa simenti. Pobwezeretsa kafyuluta ka pakhomo pa kabuleta ndinamanga ndi zala kaye, chifukwa mazinga a pamenepo ndi ofewa ndipo amaphwasuka msanga.

Ntchito imene ndimaikumbukira kwambiri ndi yokweza oilo injini isanalire. Ndinakhetsa wakale, ndinaika fyuluta yatsopano, ndipo ndinathira oilo wokhala ndi zinki wochuluka, chifukwa camshaft ya injini zakalezi, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu, imakhuzana mwachindunji ndi timiphika tosalala timene timakweza mavavu, pamene oilo wa galimoto zamakono anamuchepetsera zinkiyo. Pampu ya oilo pa injini imeneyi imazunguzidwa ndi distributor, imene imagawa moto ku mapulagi ndipo ili kumbuyo kwenikweni kwa injini. Choncho ukazula distributor n'kulowetsa m'bowomo chitsulo chopangidwira ntchitoyi, ukhoza kuzunguza pampuyo ndi makina oboolera amagetsi. Ndinavundukula zivindikiro za mavavu mbali zonse ziwiri, ndinayamba kuzunguza, ndipo posakhalitsa makinawo analemera m'manja, kusonyeza kuti pampu yagwira oilo. Kenako kunali kudikira. Oilo anayamba kutuluka pa timikono ta mavavu kamodzikamodzi, apa kadontho, apo kadontho, ndipo pamene ena ankakana ndinkazunguza crankshaft pang'ono n'kuyambiranso. Timikono tonse ndi 16, ndipo ndinkatiwerenga mokweza ngati mbusa wowerenga ng'ombe polowa m'khola. Komaliza kananyowa manja anga atachita dzanzi. Ndinakaitana mayi a kunyumba, anayang'ana zitsulo zonyowazo, n'kunena kuti, "Bambo a ana, ndiye mwandiitanira zimenezi?" Koma makiyi anandipatsa.

Madzi a m'ledieta, malamba ndi batire ndinasintha tsiku limodzi, ndipo panalibe chovuta. Mapointi a mu distributor, tizitsulo tiwiri todula ndi kulumikiza moto, ndinawasiyira mpata wa 0.019 inchi, mapulagi 0.035, ndipo mawaya ndinawalumikiza motsata ndondomeko yoyakira ya injiniyi, yomwe ndi 1-8-4-3-6-5-7-2. Ndinasamala kwambiri ndi 5 ndi 7, chifukwa ndi oyandikana pa injini komanso amatsatizana poyaka, moti kuwasinthanitsa n'kosavuta.

Loweruka lake ndinaitana achimwene ena a ku tchalitchi kwathu kuti adzaime pambali ndi chozimitsira moto. Tinaikankhira panja, ndinathira petulo pang'ono m'kabuleta kudzera pa kapaipi kopumira, ndipo ndinatembenuza kiyi. Injini inazungulira, kenako kunamveka kuphulika, lawi n'kutuluka pakamwa pa kabuleta, achimwenewo n'kudumphira kutali chozimitsira moto chili m'manja. Cholakwa chinali changa. Crankshaft imazungulira kawiri pamene distributor yazungulira kamodzi, choncho chizindikiro cha kutsogolo kwa injini, chosonyeza kuti pisitoni ya silinda 1 yafika pamwamba, chimafika pamalo pake kawiri, koma nthawi imodzi yokha ndi imene silinda 1 imakhala yokonzeka kuyaka. Pokweza oilo paja ndinazunguza injini kangapo, ndipo pobwezera distributor ndinakhulupirira chizindikiro chokhacho. Njira yake ndi yachikale: umachotsa pulagi ya silinda 1, umatseka bowolo ndi chala, mnzako n'kumazunguza mpaka mpweya ukankhe chalacho, ndiye umafikitsa chizindikiro pamalo pake ndi kuloza distributor ku waya wa 1.

Titakonza zimenezo inakhosomola kawiri n'kulira. Utsi wabuluu wa oilo ndinathira m'masilinda uja unadzaza bwalo lonse, maso anga ali pa geji ya oilo, imene inakwera n'kukhazikika. Sindinailole kulira motsika, ndinaigwira chapakati kuti oilo afike paliponse. Kunkamveka kugogoda kwa kamphika kamodzi ka vavu, ndipo ndinaima n'kumamvetsera mtima uli m'mwamba mpaka kunazimiririka patatha mphindi pafupifupi 20. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mawu ake sindinawaiwale. Ndinadziwa kunjenjemera kwa chiwongolero, ndinadziwa kaphokoso ka mbali ya kumanja kamene bambo aja anandiuza mu 2011 kuti ndisavutike nako, ndipo ndinakumbukira mbandakucha wina wa chaka chimenecho pamene ndinkaweruka ntchito yausiku nditatopa, ndili ndekhandekha m'dziko la eni, injini imeneyi ili yokhayo yondilankhula. Achimwene aja anandifunsa ngati utsi wandilowa m'maso, ndipo ndinavomera.

Galimoto yolira koma yosaima ndi bokosi la maliro, choncho mabuleki ndinawapatsa sabata yathunthu. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, ndipo anga anali atada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinasintha mapaipi a labala ndi timasilinda ta kumbuyo timene tinkadontha, kenako tinachotsa mpweya kuyambira tayala lakutali ndi dalaivala, lakumbuyo kumanja, n'kumalizira lakutsogolo kumanzere. Mayi a kunyumba ndi amene ankaponda, ine ndili pansi kufuula kuti, "Pondani! Gwirani pomwepo! Siyani!" Matayala ankaoneka atsopano, koma manambala anayi omaliza a m'mbali mwake, amene amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ankathera ndi 11. Ndinawataya onse anayi mtima ukuwawa.

Mapepala sanavute, chifukwa chikalata cha umwini chinali m'dzina langa, ndipo ndinangolipira inshuwalansi ndi kukonzanso kalembera. Nambala ya ku fakitale yodindidwa pa galimoto za nthawi imeneyo ili ndi zilembo 13, osati 17 monga zakhalira kuyambira 1981, ndipo ogula odziwa amaiyerekeza ndi manambala odindidwa pa kachitsulo kosalala kutsogolo kwa injini, mbali ya kumanja, pofuna kudziwa ngati injiniyo ndi yobadwa nayo. Ndinapukuta malowo ndi kansalu ka petulo, osati sandipepa amene akanafufuta manambala, ndipo anagwirizana. Zimenezi zinakweza mtengo kuposa ntchito yonse imene ndinagwira.

Ndinaiyendetsa masabata awiri ndisanailengeze, ndipo ndinkadziuza kuti ndikuiyesa. Ndinkatsata mtsinje wa St. Joseph, n'kudutsa pafupi ndi nyumba zotsala za fakitale ya Studebaker, imene inatsekedwa mu December 1963, ndipo tsiku lina pa msewu wopanda anthu ndinaponda mpaka mabowo aakulu aja anatseguka. Mwana wanga, amene kubadwa kwake kunagoneka galimotoyi, anaseka mpaka kutsamwa.

Ogula anabwera atatu. Woyamba ankakamba zochotsa injini n'kuika yamakono, ndipo ndinamutchulira mtengo woti asabwerenso. Amene anaitenga ndi mnyamata wina wa ku Michigan, yemwe asanafunse mtengo anagwada n'kuyang'ana pansi pake. Usiku woti mawa abwera ndi ngolo, ndinatenga kabuku kaja, ndinalemba tsiku ndi mtunda, kenako ndinadzaza masamba atatu ndi malangizo onga a mwana wopita ku sukulu yogonera komweko: mtundu wa oilo, kuti geji ya petulo ikafika pa kota asaikhulupirire, kuti chitseko cha kumanja chimafuna kunyamulidwa pang'ono potseka, ndiponso kuti akamaigoneka m'chisanu adzaze thanki. Malata anagulidwa mwezi womwewo, ndipo mlamu wanga ananditumizira zithunzi za denga pa WhatsApp.

Kutayamba kuzizira mu October, mnyamata uja anandiimbira m'mamawa kuti galimoto ikukana kulira. Ndinamufunsa ngati anawerenga tsamba lachitatu, ndipo anavomera mwamanyazi kuti sanafikeko. Ndinamuuza kuti aponde kawiri mpaka pansi, achotse phazi, awerenge mpaka 5, kenako atembenuze kiyi. Inalira nthawi yomweyo. Iye anathokoza n'kufuna kudula foni, koma ndinamupempha kuti atsegule kaye boneti, aike foniyo pafupi ndi injini, ndipo aisiye pomwepo pang'ono.