Tsiku limene alumikizi anandivula jekete

A PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akakonza zobwera kudzaonerera phunziro, mphekesera imafika pasukulu njinga yawo yamoto isanalire n'komwe ku TDC, komwe kuli ofesi yawo ya m'zoni. Ine ndinamva Lolemba kuti Lachitatu alowa m'kalasi mwanga, Sitandade 4, nthawi ya Chichewa. Mutu wa sabata imeneyo unali alumikizi: ndi, koma, kapena, ndipo. Ndinasekera mumtima. Timawu tinayi tokha, ndani angagwe nato?

Ndinakonzekera mwamphamvu. Kukoleji anatiphunzitsa TALULAR, kuti zipangizo zophunzitsira uzitola pomwe ulipo, choncho ndinang'amba katoni ya sopo, n'kulemba mlumikizi aliyense pakachidutswa kake. Jekete ndinabwereka kwa alamu anga. Unali mwezi wa Januwale, malipiro a Disembala atathera pa Khirisimasi, ndiye musandifunse zambiri.

Lachitatu a PEA anakhala kumbuyo pa mpando wanga, ana oposa 100 ali pansi mothithikana. Chiyambire sukulu yaulere mu 1994, mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa msonkhano wathunthu. Ndinafotokoza kuti mlumikizi amamanga pamodzi mawu awiri kapena ziganizo ziwiri. "Ndi" amaika zinthu pamodzi, "kapena" amakupatsa chosankha, "ndipo" amawonjezera nkhani. Pa "koma" ndinachedwapo, chifukwa ndimamukonda. Ndinati "koma" ali ngati galu wa pakhomo la eni: mbali yoyamba ya chiganizo akukugwedezera mchira, mbali yachiwiri wakuluma. A PEA anagwedeza mutu n'kulemba kenakake. Ndinamva jekete likundikhala bwino.

Apa m'pamene ndinafuna kuonetsa ukatswiri. "Ana inu, tsekani mabuku. Sindikufuna ziganizo za m'buku lanu la sukulu lolembedwa ku Domasi ayi. Aliyense apeke chake, chonena zoona zimene amaziona tsiku ndi tsiku, adzachilembe pabolodi."

Woyamba analemba: "Agogo amalima chimanga ndi mtedza." Tinamuombera m'manja katatu monga mwa lamulo la kalasi yathu. Kenaka ndinakweza kakatoni ka "koma". Manja anali mbwee, zala zikulira, "Sala! Sala!" Ndinasankha kamtsikana ka kutsogolo, kolemba bwino kuposa onse, kuti alendo aone zipatso za ntchito yanga. Ndinaiwala kuti mayi ake ndi aja amagulitsa mandasi pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msewu.

Kanatenga choko, kanaima chonyang'ama kuti kafike pamwamba, n'kulemba mosathamanga: "Aphunzitsi amadya mandasi a amayi anga tsiku lililonse, koma salipira."

Chilembo chachikulu poyamba chinalipo. Mpatuliro pamalo pake. Mpumiro kumapeto, wonenepa bwino. Ndinayang'ana paliponse pofuna cholakwika choti ndifufutire chiganizocho, osachipeza. Ana, poona kuti sindinatsutse, anaomba m'manja katatu.

"Aphunzitsi," anatero a PEA kumbuyoko, "chiganizochi n'cholondola?"

"Pa malamulo a chiyankhulo n'cholondola, bwana."

"Pitirizani."

Ndinathawira kwa "kapena", poganiza kuti mlumikizi ameneyu alibe mano. Ndinaloza mnyamata wa pakona amene chaka chonse sanakwezepo dzanja. Tsiku limenelo mzimu unamufikira. Analemba mokhotakhota, koma aliyense anawerenga: "Mulipire Lachisanu kapena akanena kwa ahedi." Anatembenuka n'kuwonjezera pakamwa kuti anamva yekha mayiwo akunena pachigayo. M'manja katatu.

Thukuta linali litayamba kuyenderera kumsana. Munthu wanzeru akanauza ana kuti atsegule mabuku, koma pulani ya phunziro inali m'manja mwa a PEA, ndipo inanena poyera kuti alumikizi onse anayi ayesedwa pabolodi. Ndinakweza "ndipo" dzanja likunjenjemera. Ndinafufuza mwana amene makolo ake sagulitsa kanthu kalikonse, amene sindinakongolepo kwawo ngakhale mchere. Ndinapeza kamnyamata kofatsa kamene kanabwera posachedwa kuchokera kumudzi wina. Chimene sindinadziwe n'chakuti kamakhala nyumba yoyandikana ndi alamu anga.

"Jekete la aphunzitsi ndi la aneba athu, ndipo akulifuna madzulo ano ku chinkhoswe."

Apa ngakhale m'manja simunaombedwe bwino, ana anali atagona pansi ndi phwete. A PEA anaphimba nkhope ndi fayilo, mapewa okha akugwedezeka. Belu la phala litalira, sindinadikire kuti ana atuluke mwadongosolo.

Mu ofesi ya ahedi, a PEA anatsegula fayilo ija n'kuyamba kuwerenga ndi nkhope ya ntchito. Zipangizo zinali zoyenera. Ana anatenga mbali mokwanira. Zitsanzo zinachokera m'moyo weniweni wa ophunzira, ndipo apa anati sanaonepo kalasi yochita bwino chotere m'zoni yonse. Ahedi anamwetulira, osadziwa kanthu.

"Mwachidule, aphunzitsi, phunziro lanu linayenda bwino kwambiri."

Anaima pang'ono, akutseka cholembera. Ine amene ndinali nditangophunzitsa kumene za galu uja ndinadziwa chimene chikubwera.

"Koma Lachisanu ndi mkuja."