Sabata yophunzitsa FreeRTOS ku Ginnery Corner

Kampani yathu ndi yaing'ono, ili ku Ginnery Corner, ndipo timapanga tizipangizo toyendetsa mapampu a sola a m'madimba. M'kachipangizo kalikonse muli chip ya STM32F103, yomwe ili ndi flash ya 64 KB ndi RAM ya 20 KB basi. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp nthawi zambiri sichingakwanemo.

Lolemba abwana anatibweretsera mtsikana wodzaphunzira ntchito, nanena kuti pofika mwezi wamawa akhale akuthandiza pa pulogalamu ya pampu yatsopano. Chilankhulo cholembera mapulogalamu cha C amachidziwa, Arduino, kabodi kotchuka kophunzirira, anaigwirapo kale. Koma pa Arduino zonse zimayenda mu loop imodzi, ntchito ina ikudikira inzake. Pampu yathu siingadikire. Iyenera kuyeza mphamvu ya mapanelo, kuona madzi m'thanki, kutumiza uthenga pa netiweki ya foni, komanso kuzimitsa mota nthawi yomweyo chitsime chikauma, apo ayi mota imapsa ndipo mlimi amatiimbira ali wolusa. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito FreeRTOS, ka operating system kakang'ono kogawa nthawi ya purosesa ku ntchito zosiyanasiyana.

"Ndiye achimwene, ndiyambire pati?"

Funso limeneli linatidyera Lachiwiri lonse. Zophunzirira zilipo zambirimbiri, kungoti zambiri sanalembere munthu wonga iyeyu. Mukasaka za kupanga operating system, zimene zimatuluka poyamba ndi za kompyuta zikuluzikulu. Mwachitsanzo xv6, yomwe a ku MIT anayamba kuphunzitsira mu 2006, ndi yokoma kuwerenga, koma imakamba za virtual memory ndi mafailo, pomwe chip yathu ilibe n'komwe MMU, gawo la purosesa lomwe virtual memory imadalira. Ndinamuuza kuti aisungire Disembala akadzapuma. Zephyr, yomwe ili pansi pa Linux Foundation kuyambira 2016, ndi yamphamvu ndithu, koma woyamba kumene amathera masiku pa zida zake zokonzera pulogalamu, west, Kconfig ndi devicetree, asanayatse ngakhale ka LED, ndipo kuikoka yonse pa intaneti kumameza bandulo. Mavidiyo a pa YouTube nawo chimodzimodzi: munthu amaonera mnzake akulemba kwa ola lathunthu, data yatha, m'mutu mulibe kanthu.

Tinagwirizana zinthu zochepa zoti akoke kamodzi n'kusunga pa laputopu, kuti magetsi kapena netiweki zikavuta asaime. Buku la Richard Barry, yemwe anayambitsa FreeRTOS cha m'ma 2003, lotchedwa Mastering the FreeRTOS Real Time Kernel, limapezeka laulere. Kenako RM0008, buku la ST, kampani yopanga chip yathu, lofotokoza chipyo, lamasamba oposa 1,000, lomwe sawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto koma amatsegula pamutu umene wakuvuta. Chomaliza ndi code ya FreeRTOS yeniyeniyo. Mtima wake uli m'mafailo atatu, tasks.c, queue.c ndi list.c, kuphatikiza port.c ya purosesa imene ukugwiritsa ntchito. Kwa ine mphunzitsi wamkulu ndi ameneyu, ndipo ndimadabwa kuti anthu ambiri amaigwiritsa ntchito zaka osaitsegulako.

Bodi yoti ayeserere inalibe. Ziwiri zomwe tili nazo zinali pa benchi yoyesera pampu, ndipo zomwe tinaitanitsa kunja zikudikira nkhani ya ndalama zakunja, monga mukudziwa. Mwamwayi FreeRTOS imabwera ndi chitsanzo choyenda pa QEMU, pulogalamu ya pa laputopu yoyerekeza kukhala Cortex-M3, purosesa ya mu chip yathu, choncho anayamba popanda waya ndi umodzi womwe.

Lachitatu ndiye tsiku limene ndinasangalala nalo. Tinatsegula port.c, n'kupita pamene purosesa imasiya ntchito ina kuyamba ina (ntchito iliyonse yotere imatchedwa task). Ndi mizere yochepa ya assembly, koma nkhani yonse yagona pamenepo. SysTick, kawotchi ka m'kati mwa purosesa, imagogoda, kwa ife ka 1,000 pa sekondi. Ikakwana nthawi yosintha, kernel, mtima wa FreeRTOS uja, imadzutsa interrupt (chizindikiro chodukiza purosesa) yotchedwa PendSV, yomwe amaiika pansi penipeni kuti isadukize zina zofunika. Polowa, purosesa yokha imasunga ma register (timalo ta mu purosesa tosunga manambala amene ikugwiritsa ntchito) asanu ndi atatu pa stack, kachigawo ka RAM komwe task iliyonse ili nako kakekake: R0 mpaka R3, R12, LR, PC ndi xPSR. Otsalawo, R4 mpaka R11, amasungidwa ndi code ya FreeRTOS. Kenako imangosintha stack pointer kuloza ku stack ya task ina, n'kutulutsa zonse mobwerera. Ndinamupatsa pepala ndi pensulo kuti ajambule stack ya task iliyonse, bokosi ndi bokosi, akuyenda mu debugger ya GDB, chida choyendetsa code pang'onopang'ono, mzere umodziumodzi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaseka. "Basi? Ndi zomwezi?" Ndi zomwezo, achemwali. Ankaganiza kuti muli matsenga.

Lachinayi ndinapita ku Chikwawa kukaona pampu ina yomwe inkazima masana. Linali fumbi pa mapanelo. Ndinamusiyira ntchito yoti apange ma task atatu olimbirana mutex imodzi (loko yoti task imodzi yokha igwiritse ntchito chinthu pa nthawi), ndipo m'galimoto pobwerera tinakambirana pa foni za Mars Pathfinder. Mu 1997 chombo chimenechi chili pa Mars chinkangodziyambitsanso chokha. Task yaing'ono inagwira mutex, yapakati n'kuilanda purosesa, ndipo yofunika kwambiri inatsala ikudikira mpaka watchdog, mlonda woyambitsanso makina akaima, inaganiza kuti zonse zafa. Operating system yake inali VxWorks, ndipo akatswiri anakonza ali pansi pano poyatsa priority inheritance, yomwe imakweza kwa kanthawi task yogwira mutex kuti ifanane ndi yofunika imene ikudikira. Mutex ya FreeRTOS ili nayo kale, koma binary semaphore, chida china chodikiritsa ma task, ilibe, ndipo woyamba kumene amaona ngati ziwirizi n'zofanana.

Lachisanu benchi inapeza mpata ndipo ndinamupatsa bodi yeniyeni ndi ST-Link, kachipangizo kolumikiza bodi ku laputopu. Code yomwe inkayenda bwino pa QEMU inayenda pang'ono n'kugwera mu HardFault, momwe purosesa imathera ikakumana ndi vuto lalikulu. Sindinamuuze kanthu, ndinapita kukagula chipisi pamsewu. Pobwera ndinapeza watsegula memory mu debugger. Anali atawerenga kuti FreeRTOS ikhoza kudzaza stack yatsopano ndi 0xA5, ndiye ankafufuza ngati nambalayo yatsalako. Pa task yotumiza mauthenga inali itatheratu. Anaipatsa stack ya ma word 128, omwe pa chip yathu ndi ma byte 512, ndipo printf yomwe anawonjezera m'mawawo inadya zonse n'kulowerera m'malo a task inzake. Anakweza stack, nayatsa configCHECK_FOR_STACK_OVERFLOW, naikanso uxTaskGetStackHighWaterMark kuti tiziona malo otsala pa task iliyonse.

Titayesa pulogalamu ya pampu yathu yakale ndi njira yomweyo, task yoyeza madzi m'thanki inapezeka kuti ili ndi malo ambiri osagwiritsa ntchito, okwana kubwezera zimene iye anawonjezera kwinako. Lolemba likubwerali ayamba driver ya UART, njira imene chip imalankhulira ndi modemu, ndipo mutu wa USART mu RM0008 wausindikiza kale kuti aziwerenga mu minibasi popita kwawo ku Chilomoni.