Bedi la kudenga, makwerero ndi apongozi anga pamsewu wa A82

Apongozi anga atabwera kuno ku Leeds kudzacheza miyezi itatu, mayi a kunyumba anaumirira kuti tisawabweze ku Dedza atangoona tchalitchi ndi msika wa Kirkgate basi. Tinagwirizana zopita ku Scotland kwa sabata imodzi pa motorhome, galimoto ija yokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Tinalipo asanu: ine, akazi anga, apongozi, mwana wathu wachisamba wa zaka 9 ndi mzime wa zaka 4.

Ndinayamba kuphonya ndisanaione n'komwe galimotoyo. Pa intaneti ndinapeza ina yotchipa, yolembedwa kuti mumagona anthu 6, ndiye ndinati yatikwanira mpaka malo kutsala. Mwayi wake ndinaimba foni ndisanalipire. Mayi amene anayankha sanandifunse kuti tigona angati, anandifunsa kuti tikwera angati. Galimoto imeneyo inali ndi malamba anayi okha. Mabedi ndi ambiri, inde, koma mipando yololedwa kukhalapo galimoto ikuyenda inali inayi, ndipo sofa wa m'mbali uja, wooneka bwino pachithunzi, ndi wokhalapo mukaima. Kuno ma motorhome amene analembetsedwa kuyambira pa 20 October 2007 amayenera kukhala ndi lamba pampando uliwonse woyendera. Ndinasintha n'kutenga ya malamba 6: awiri kutsogolo, awiri oyang'ana kutsogolo patebulo, awiri oyang'ana kumbuyo.

Za laisensi sizinavute. Yanga ndinayesera mayeso konkuno, ndipo laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imafika pa makilogalamu 3,500, omwe ndi malire a galimoto imene tinatengayo. Za ana ndiye zinandiyendetsa. Lamulo la kuno limati mwana akhale pampando wa ana mpaka akwanitse zaka 12 kapena atalike masentimita 135, chimene chayamba kufika. Wamkuluyo ndinamuimika pakhoma n'kumuyeza, anapereweza masentimita anayi, ndipo analira podziwa kuti akhalabe pa kampando kokweza. Mipando yathu ya ana imafuna lamba wodutsa paphewa, pamene mipando yoyang'ana kumbuyo inali ndi malamba a m'chiuno okha. Choncho ana awiriwo anatenga yoyang'ana kutsogolo, apongozi n'kukhala moyang'anizana nawo, msana wawo utaloza kwa dalaivala. Kumbukirani malo amenewa.

Galimotoyo tinakaitenga pafupi ndi Glasgow. Mnyamata wa pakampanipo anatizungulira nayo pafupifupi ola lathunthu: gasi atsekedwe musananyamuke, firiji muisinthire ku batire, sitepe ya pakhomo ilowe, galimoto ndi yaitali pafupifupi mamita atatu kupita m'mwamba ndiye muziwerenga zikwangwani za pamilatho. Mutu wanga unali utadzaza kale pamene anafika pa bedi la kudenga.

Bedi limenelo masana silioneka. Limamatirira kudenga, pamwamba penipeni pa tebulo ndi mipando inayi ija, ndipo kunsi kwake kuli magetsi ndi timakabati moti mlendo angati ndi siling'i chabe. Ukalowetsa kakiyi pakhoma n'kudina batani, kamota kamamasula malamba anayi a m'makona, bedi n'kumatsika pang'onopang'ono. Lili ndi ukonde wokoleka m'mbali kuti wogona asagudubuzike, makwerero a aluminiyamu okoleka pa tizitsulo tiwiri, ndi kapepala komata konena kulemera kumene lingasenze. Mnyamata uja analikweza mpaka linagunda kudenga, kenako anatambasula mkono n'kumanga kalamba kakafupi kokhala ndi chokolera chonga cha lamba wa pampando. Chinalira kuti khe! Anati galimoto isasunthe chisanalire choncho, kakiyi kazichoka pakhoma, makwerero aziikidwa m'chipinda cha katundu kumbuyo, ndipo pabedi pazitsala nsalu yoyala yokha. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse. Maganizo anga anali pa m'mene ndidzaibwezere m'mbuyo galimoto yaitali chonchi.

Usiku woyamba tinagona pamalo olipira m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond. Ana analanda bedi la kudenga, apongozi tinawapatsa la kumbuyo, ife tinayala kunsi. Kutacha tinali pa changu. Tizilombo touluka ta kumeneko, tating'ono kuposa udzudzu koma toluma mopanda chifundo, tinali titatizinga, ndipo aliyense ankangofuna kutseka chitseko. Ndinaponya zofunda ziwiri zonenepa ndi mitsamiro pabedi, makwerero ndinawagoneka pamwamba pake poganiza kuti madzulo ndisadzavutike kukawatenga kumbuyo, n'kudina batani. Bedi linakwera, linakwera, kenako mota unangoti zii litatsala ngati chikhatho chimodzi kuti lifike kudenga. Zofunda zinali zitapanikizika. Ndinakoka kalamba kaja, sikanafike pa chokolera. Ndinakokanso, ayi ndithu. Ndinadziuza kuti malamba anayi a mota akugwira kale, kachisanuka n'kongowonjezera. Ndinakasiya kakulendewera.

Amene anayendapo pa A82 kupitirira Tarbet akudziwa m'mene msewuwo ulili: wopapatiza, wokhotakhota, nyanja ku dzanja lamanja, thanthwe ku dzanja lamanzere, ndipo mabasi a alendo ndi malole amadutsa momwemo. Pakona iliyonse ndinkamva kudenga kuti gu, gu. Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abambo, chikugogodacho n'chiyani?" Ndinati ndi mapoto. Sipanapite mphindi khumi, basi yaikulu inatulukira pakona itadya mbali yathu, ine n'kuponda mabuleki mwamphamvu. Sitinkathamanga, mwina mamailosi 25 pa ola. Kumbuyo kunamveka chiphokoso cha chitsulo, mwana wamkulu n'kukuwa.

Nditapeza poima ndinatembenuka. Makwerero anali atasolola pa mpata wa chikhatho uja, n'kudutsa pamwamba pa duku la apongozi, n'kukagunda chikhoma cha kuseri kwa mpando wanga, mbali inayo n'kugwera patebulo. Mtsamiro umodzi unali pamiyendo pawo. Iwo anali duu, manja atagwira lamba pamimba. Patebulo panali chibowo chobooledwa ndi phazi la makwerero, chachikulu ngati ndalama yachitsulo. Ndinayang'ana chibowocho, ndinayang'ana pamene panali dzanja la mwana wamng'ono mphindi yapitayo akujambula, thupi lonse linachita tsemwe. Apongozi anangoti, "Bambo, tayendani bwino," mawu otsika, ndipo akanandikalipira zikanakhala bwino kuposa pamenepo.

Pompo ndinachita zimene ndinayenera kuchita m'mawa. Ndinatulutsa onse panja, ndinatsitsa bedi, ndinachotsa zofunda ndi mitsamiro n'kukaziunjika pabedi la kumbuyo, makwerero n'kukawamangirira m'chipinda cha katundu. Ukonde ndinaupinda n'kuulowetsa pansi pa matiresi kuti usakodwe m'malamba a mota. Nditadina batani, bedi linakwera mpaka kudenga, kalamba kanafika popanda kukakoka, khe! Ndinaligwira bedilo ndi manja onse n'kuligwedeza, silinasunthe. Ndipamene ndinamvetsa ntchito ya kalamba kaja. Malamba a mota amanyamula bedi kuti lisagwe pansi, koma likakhala lolendewera limayendabe uku ndi uku ngati katungwe, ndipo chilichonse chili pamwamba pake chimapeza potulukira. Likamatirira kudenga n'kumangidwa, mpata umenewo palibe. Kakiyi ndinakaika m'thumba, chifukwa mzime anali atazindikira kale batani limene limatsitsa bedi.

Nkhani yovuta inabwera patatha masiku awiri, ku Fort William. Dzulo lake apongozi anali ataseka Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, atamva kuti ndi mamita 1,345 okha pamene Sapitwa pa Mulanje amapitirira 3,000. Tinafuna kulawirira kuti tikafike ku Inverness msewu usanadzaze, koma mzime anali m'tulo tofa nato pabedi la kudenga, atagona mochedwa chifukwa cha chimfine. Apongozi anauza mwana wawo, ine ndili pomwepo, kuti mwanayo asadzutsidwe. Bedi likwezedwe theka kuti akunsi akhale bwino, ukonde ukolekedwe, ine ndiziyendetsa pang'onopang'ono. Anati iwo analera ana asanu ndi awiri akuwagoneka pamatumba a chimanga pamwamba pa lole, ndipo palibe anagwa.

Kutsutsa apongozi pamaso si mwambo wathu, ndipo ine amene ndinatsala pang'ono kuwaphwanya mutu ndi makwerero ndinalibe nkhope yowaphunzitsira za chitetezo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinaitanira mayi a kunyumba panja n'kuwafotokozera kuti akanene ndi iwo. Ukonde uja anaupangira mwana wogubuduka m'tulo galimoto itaima. Zokolekera zake ndi tizingwe ndi timapulasitiki toti ungathyole ndi dzanja. Galimoto ikagunda chinthu pa mamailosi 30 pa ola, liwiro la m'tauni lenilenilo, munthu wosamanga lamba amapitirira ndi liwiro lomwelo, ndipo kumenyeka kwake n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita 9. Pabedi limenelo kutsogolo kulibe chomutchinga, pali mitu ya ife okhala kutsogolo ndi galasi. Ndipo bedi lokwezedwa theka ndi bedi losamangidwa, tsopano litasenza mwana, likulendewera pamitu ya anthu awiri. Za lamulo ndinazitchula pomaliza: mwana wosafika zaka 14 akapezeka wosamangidwa, mlandu ndi wa dalaivala, ndipo chindapusa chimatha kufika mapaundi 500. Kunena zoona chindapusacho sichinkandiopsa kwenikweni. Chimene chinali m'maso mwanga ndi chibowo cha patebulo chija.

Mayi a kunyumba analowa, anakambirana ndi mayi awo chapansipansi. Sindinamve zonse, ndinangomva akuti, "Amayi, lole ya kwathu ija inkayenda ngati ngolo, ndipo kumbukirani kuti si onse ankafika." Panakhala chete. Kenako apongozi anakwera okha masitepe awiri a makwerero, anamunyamula mdzukulu wawo ndi bulangete lake, n'kumupatsira mayi ake. Tinamukhazika pampando wake ali m'tulo, malamba tinamanga pathupi penipeni, bulangete n'kufunditsa pamwamba pa malambawo. Anadandaula pang'ono, mutu n'kugwera m'mbali, anagonanso tisanatuluke pachipata.

Tsiku lomwelo msana unawavuta apongozi tili m'mbali mwa nyanja ya Loch Ness, ndipo anafunsa ngati angakagone pabedi la kumbuyo, popeza ilo silili m'mwamba. Yankho linali lomwelo, koma ulendo uno ndinawayankha ndekha: "Mayi, tiime mugoneko, sitikuthamangira kulikonse." Tinaima ku Drumnadrochit, iwo anagona theka la ola, ife tinaphika tiyi. Kuyambira pamenepo tinkaima ola lililonse. Wofuna chimbudzi ankanena, ine n'kufunafuna poima. Panalibe woyenda m'kati galimoto ikuyenda, ngakhale kukatenga madzi m'firiji. Ulendo unatalika, ndipo malo ena amene tinakonza kukaona sitinafikeko.

M'mawa uliwonse tinagawana ntchito. Ine gasi, chingwe cha magetsi ndi makwerero. Mayi a kunyumba makabati ndi firiji. Mwana wamkulu ankachotsa chilichonse pabedi la kudenga, mpaka tochi ndi zidole zobisika m'mphepete mwa matiresi. Kudina batani ndi kumanga kalamba inali ntchito yanga, koma apongozi sankamanga lamba wawo asanaimirire n'kulikoka okha bedilo ndi dzanja, popeza ndi iwo ankakhala kunsi kwake.

Pobweza galimoto, mnyamata uja anapeza chibowo cha patebulo asanayang'ane n'komwe mafuta. Anachisisita ndi chala, anayang'ana kudenga, n'kundifunsa ngati makwerero anali pabedi. Ndinavomera. Analemba papepala lake osanena zambiri, ndipo mtengo wa tebulo anaudula pa ndalama ya chikole. Apongozi anafunsa mwana wawo kuti adula zingati, atasinthira m'makwacha anagwira pakamwa, ndipo mpaka tinafika ku Carlisle asanandilankhule.